Mwala wa maziko tinauona, nanga yunivesite ili kuti?

Funso lafika kuchokera kwa mphunzitsi wa sekondale ku Mzimba, yemwenso ali mu komiti ya chitukuko ya m'dera lake. Akuti: "Mu 2015 tinaona ndi maso athu mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera ukuikidwa. Ana omwe anali ku pulayimale nthawi imeneyo ena anakwatira, ena ali ku Joni, yunivesite sanailowe. Pamisonkhano anthu amafunsa ine poti ndine mphunzitsi, koma ndimasowa chowayankha. Ena akuti boma lilibe ndalama. Ena akuti tikudikira a ku China ngati mmene zinachitikira ku Thyolo. Ena akuti akunja akabwera ndi ndalama zawo malo athu apita, ndipo zofufuzazo zidzakhala zawo. Kodi ndalama zomangira yunivesite yochita kafukufuku zimachokera kuti kwenikweni? Nanga abwenzi akunjawo tiwaope kapena tiwalandire?"

Aphunzitsi, zikomo polemba. Ndiyambe ndakuchotsani manyazi, chifukwa kusowa yankho pa nkhani iyi si umbuli. Ndakhala zaka zoposa makumi awiri m'maofesi okonza mapulani ndi bajeti za sukulu za ukachenjede za boma, ndipo ndaonapo maprofesa enieni akukanika kufotokoza chomwe chinaimitsa nyumba ya dipatimenti yawo itafika m'mawindo. Dziwaninso kuti a ku Mzimba simuli nokha. Malemu Bingu wa Mutharika analonjeza mayunivesite atsopano angapo, ndipo a ku Mangochi ndi a ku Bangula nawonso anamva madera awo akutchulidwa. Yanuyo anaisintha dzina kukhala Inkosi ya Makhosi M'mbelwa University, koma zaka khumi zinakwana chiikireni mwala uja popanda wophunzira ndi mmodzi yemwe kulowa m'kalasi.

Tiyambe ndi thumba la boma, poti ndi kumene anthu ambiri amasokonezekera. Bajeti ya dziko ili ndi mbali ziwiri. Ina ndi ya zolipira za tsiku ndi tsiku: malipiro, mankhwala, mafuta, chiwongoladzanja cha ngongole zakale. Ina ndi ya chitukuko, ndipo nayonso inagawika pawiri. A ku Treasury, ofesi yosunga ndi kutulutsa ndalama za boma, akamati Part 1 amanena ndalama zochokera kunja, kaya ndi thandizo kaya ngongole. Part 2 ndi ya misonkho yathu. Ntchito yaikulu ngati yunivesite imayenera kulowa kaye mu ndondomeko ya ntchito za chitukuko za boma yomwe amaitcha PSIP, kenako chaka ndi chaka imapatsidwa kanambala kake mu bajeti. Vuto ndi loti nambala yomwe nduna ya zachuma imawerenga m'Nyumba ya Malamulo ndi lonjezo chabe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama yeniyeni imatuluka pang'onopang'ono malinga ndi zomwe a MRA atolera, ndipo zinthu zikathina, Part 2 ndiyo imayamba kudulidwa. Simungasiye kulipira anamwino. Simungasiye kugula chimanga chaka cha njala, kapena kukonza milatho ikakokoloka ngati mmene zinakhalira ndi namondwe Freddy mu 2023. Koma nyumba yosatha siyenda pamsewu kuchita zionetsero, ndiye imadikira.

Kudikirako kuli ndi mtengo wake. Kontrakitala akamaliza gawo la ntchito, injiniya woyang'anira amasaina satifiketi yoti alipidwe. Ndinakhalapo pamsonkhano wa pamalo omanga pomwe kontrakitala wina anasolola masatifiketi atatu osalipidwa mu envelopu ya khaki, n'kuwayala pa tebulo, n'kutifunsa ngati anyamata ake angadye mapepala amenewo. Sabata yotsatira anatenga makina ake osakanizira simenti n'kupita kwina. Atabwerera patapita chaka ndi miyezi, zitsulo zomwe zinali pamtunda zinali zitachita dzimbiri, matumba a simenti atauma gwa, ndipo iye anabwera ndi bilu ya chiwongoladzanja cha kuchedwa kwathu pamodzi ndi ya kubwezeretsa makina pamalo. Nyumba imodzimodziyo tinailipira ngati nyumba imodzi ndi theka. Onjezerani kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chipangizo cha mu labotale cha madola 100,000 chomwe madzulo chinali K118 miliyoni, kutacha chinali K170 miliyoni, pomwe bajeti yake ili pomwe inali. Yunivesite ya sayansi imavulala kwambiri pamenepa chifukwa pafupifupi chilichonse cha mu labotale chimagulidwa kunja.

Tsopano za ku Thyolo, poti anthu anu akuzitchula. Malawi University of Science and Technology, ija timangoti MUST, inamangidwa ndi ngongole ya pafupifupi madola 80 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya ku China, dziko lathu litangoyamba kumene ubale ndi China kumapeto kwa 2007. Poyamba inkayenera kukhala ku Lilongwe, koma Bingu anaisamutsira ku Ndata, pamalo omwe iye anapereka, ndipo mkangano wake ambiri tikuukumbukira. Lamulo loikhazikitsa linadutsa mu 2012, ophunzira oyamba analowa mu 2014. Chinafulumiza ntchitoyo n'chiyani? Ngongole ya mtundu uwu siidzera mu thumba lomwe limalipira anamwino lija. Banki imalipira kontrakitala molunjika, ndipo kontrakitalayo amakhala wa ku dziko lobwereketsalo, amabwera ndi mainjiniya ake ndi zipangizo zake zambiri. Ndiye njala ibwere, isabwere, khoma limakwera. Choipa chake ndi choti ngongoleyo imabwezedwa mu ndalama zakunja, ndipo oibweza ndi inu ndi ine kudzera m'misonkho, kuphatikizapo wogulitsa tomato pa Jenda yemwe mwana wake ku Ndata sadzapondako. Kwacha ikagwa, ngongole ija imatupa osakongolanso china. N'chifukwa chake ngongole yotere imayenera kuvomerezedwa ndi aphungu kudzera mu bilu yake, ndipo n'chifukwa chakenso lero, pomwe dziko lili ndi ngongole yolemera kale, obwereketsa sathamangira monga ankachitira titangokhululukidwa ngongole zathu mu 2006. Amene akuti tikudikira a ku China muwauze kuti khomo limenelo si lotseguka ngati kale.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna mutenge kuposa zonse. Pa yunivesite yochita kafukufuku, nyumba ndi gawo losavuta kulipezera ndalama. Aliyense amakonda kulipirira nyumba, chifukwa nyumba imajambulika, imadulidwa riboni, imakhomedwa chikwangwani cha dzina. Palibe amene amadula riboni pa bilu ya magetsi. Obwereketsa ndi othandiza ambiri salipira malipiro a aphunzitsi, dizilo wa jenereta, madzi, intaneti, kapena mankhwala oyezera omwe amatha mwezi ndi mwezi. Zonsezi zimagwera pa ndalama yomwe boma limapereka ku yunivesite chaka ndi chaka, ndipo gawo lalikulu la ndalama imeneyo limathera ku malipiro. Yunivesite yatsopano iliyonse imadzadya nawo m'mbale yomweyo. Kumbukirani kuti mu 2021 University of Malawi inagawika patatu, kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, kuonjezera pa Mzuni, LUANAR ndi MUST. Pakamwa panachuluka, mbale sinakule molingana.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona pa sukulu ina. Tinalandira makina oyezera zinthu za m'nthaka ndi m'madzi, mphatso ya abwenzi akunja, okwera mtengo kuposa nyumba zingapo za aphunzitsi. Anafika mu bokosi la matabwa lalitali ngati munthu. Tsiku lolandira tinavala masuti, tinajambulitsa. Kenako zinadziwika kuti makinawo amafuna chipinda chozizira usana ndi usiku, magetsi osaphethira, ndi mpweya wapadera wa m'masilinda womwe unkachokera ku South Africa. Palibe anaziika mu bajeti. Bokosi lija linakhala pakhonde la labotale zaka ziwiri, ophunzira akuikapo zikwama zawo akamalowa m'kalasi, amesenjala akuikapo makapu a tiyi. Pomwe tinkapeza ndalama ya chipinda chija, nthawi ya chitsimikizo cha kampani yopanga inali itatha, ndipo mnyamata yekhayo yemwe anaphunzitsidwa kuwayendetsa anali atapeza ntchito kwina. Mu malipoti makinawo ankawerengedwa ngati chuma cha sukulu. Chikomekome cha mkuyu.

Muyerekeze zimenezi ndi zomwe zinachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mgwirizano wa Malawi-Liverpool-Wellcome unayamba mu 1995, pakati pa sukulu yathu ya madokotala ya College of Medicine, mayunivesite a ku Liverpool ndi bungwe la Wellcome. Sunayambe ndi chinyumba. Unayamba ndi madokotala ochepa, odwala omwe anali kale m'mawodi, ndi mafunso omwe ankawasowetsa tulo, makamaka a malungo aakulu a ana. Chaka ndi chaka anaphunzitsa Amalawi, ena mpaka kufika pa PhD, ndipo ndalama za kafukufuku zinkatsata anthuwo. Nyumba yawo yaikulu yophunzitsira ndi kufufuzira, yotchedwa CREATOR, inatsegulidwa mu 2024, patapita zaka pafupifupi makumi atatu. Pofika tsiku lodula riboni, anthu odzaza nyumbayo analipo kale. Phindu lake silinathere m'mabuku. Katemera wa tayifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira mu 2018, anaoneka kuti amateteza, ndipo mu 2023 boma linayamba kumupereka kwa ana m'dziko lonse. Ku Lilongwe nako, UNC Project, ya yunivesite ya North Carolina ya ku America, pa chipatala cha Kamuzu Central inatenga nawo mbali pa kafukufuku yemwe mu 2011 anasonyeza kuti munthu akayamba msanga kumwa ma ARV, mwayi wopatsira mnzake kachilombo umatsika ndi 96 peresenti. Choncho mukandifunsa ngati abwenzi akunja tiwalandire, ine ndimati eya, ndipo popanda iwo kafukufuku wambiri m'dziko muno bwenzi kulibe. Maiko a mu Africa analonjezana kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo cha pachaka ku kafukufuku, koma ife panopa tili pansi pa mlingo umenewu.

Komabe mantha a anthu anu ali ndi pogwira, musawaseke. Woponya ndalama amakhala ndi mawu pa funso loti lifufuzidwe. N'chifukwa chake kafukufuku wa matenda a anthu ali ndi abwenzi ambiri, pomwe wa matenda a ng'ombe, wa msipu kapena wa nthaka yoguga amayenda wapansi. Pamgwirizano uliwonse ine ndimathamangira masamba a kumapeto, omwe anthu amadumpha. Nyumba ndi zipangizo zidzakhala za yani pulojekiti ikatha? Magazi, mbewu kapena nthaka zotengedwa kuno zikatumizidwa kunja, zikupita ndi chilolezo cha yani, ndipo zotsatira zake zidzasungidwa kuti? Pa atsogoleri a kafukufukuyo pali Mmalawi, kapena athu ndi ongotolera ndi kutanthauzira? Nanga yunivesite ikulandirapo zingati zoyendetsera maofesi, magetsi ndi alonda? Funso lotsirizali limaoneka laling'ono, koma ndaona mapulojekiti a mamiliyoni akusiya sukulu ili yosauka kuposa mmene anaipezera, chifukwa anagwiritsa ntchito zipinda, magalimoto ndi akauntanti athu popanda kulipirapo kanthu. Pa kafukufuku wokhudza anthu pali makomiti oona za chilungamo, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo ndi ina ya ku KUHeS, ndipo palibe ayenera kutenga magazi a munthu asanadutse kumeneko ndiponso mwini wake asanavomere. Izi muzifotokoze bwino kumudzi. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndi miyoyo yomwe inatayika.

Choopsa china ndi kutsamira pa mnzako mmodzi. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lodzera ku USAID, ndipo mapulojekiti ambiri kuno anaima, ophunzira ena omwe ankalipiriridwa fizi n'kutsala manja ali m'khosi. America yomweyo ndi imene inathandiza kumanga Polytechnic m'zaka za m'ma 1960. Ubwenzi umakhalapo, koma zisankho za kwawo sitivota nawo.

Pakati pa ngongole ya nyumba ndi mgwirizano wa akatswiri pali mabanki a chitukuko. World Bank inathandiza malo a ukatswiri monga AquaFish ku LUANAR, oona za nsomba, ndi ACEPHEM ku College of Medicine, ndipo mu 2021 inavomereza madola 100 miliyoni a pulojekiti ya SAVE yokuza mayunivesite ndi makoleji a ntchito zamanja. African Development Bank nayo inamangako malabotale ndi makalasi kudzera mu pulojekiti ya HEST. Muone kuti ndalama zonsezi zinapita ku sukulu zomwe zilipo kale, zokhala ndi khonsolo, maakaunti ofufuzidwa ndi ma auditor, ndi aphunzitsi otha kulemba pempho. Malo omwe ali ndi mwala wa maziko ndi msewu wokha sangapemphe kanthu kwa anthu amenewa. Apa ndi pomwe yunivesite yatsopano imakodwa: abwenzi akufuna aone anthu asanaponye ndalama, boma likufuna limalize nyumba lisanalembe anthu.

Mudzamvanso andale akutchula PPP, mgwirizano wa boma ndi makampani, ngati mankhwala a nthenda zonse. Lamulo lake lilipo kuyambira mu 2011 ndipo pali bungwe la PPP Commission loyang'anira. Njirayi imagwira pa zinthu zobweza ndalama. Kampani kapena thumba la penshoni limamanga mahositelo, n'kumatolera lendi kwa zaka makumi awiri kapena atatu, kenako n'kupereka nyumbazo ku yunivesite. Labotale sibweza lendi, laibulale sibweza lendi, ndiye wabizinesi sangaziyandikire. Ngakhale pa mahositelo pomwepo pali msampha. Lendi yoti kampani ipeze phindu nthawi zambiri imaposa zomwe wophunzira wodalira ngongole ya Loans Board angakwanitse, ndipo makampani ena amafuna yunivesite ilonjeze kuti idzalipira mabedi opanda anthu. Mukasaina zotere mwatenga ngongole, kungoti yavala malaya ena.

Za malo. Yunivesite ya boma ikamangidwa, malowo amakhala a boma, sakhala a wobwereketsa kapena wothandiza. Koma kwa banja lomwe linkalima pamenepo, kaya atenga ndi boma kaya ndi mlendo, munda wapita ndithu. Malamulo a malo a mu 2016 amati malo a makolo akatengedwa pa ntchito yothandiza anthu onse, eni ake alandire chipukutamisozi choyenera. Langizo langa kwa mabanja ndi loti pasakhale wodinda chala pa pepala lomwe sanamuwerengere m'chiyankhulo chake, ndipo pa tsiku lowerengera mitengo, nyumba, zitsime ndi manda, mwini wake akhalepo, asunge kope lake, ajambulenso pafoni. Ngati ena anawerengeredwa kalekale koma sanalipidwe, apemphe kuti awerengerenso, chifukwa mtengo wa 2015 lero sugula ngakhale malata a khitchini. Poyambira ndi kwa a zamalo ku khonsolo ya M'mbelwa, mothandizana ndi mafumu. Zikakanika kumeneko, ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a kuchedwa ndi kupondereza kwa maofesi a boma popanda kulipiritsa, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama ya loya. Mukaona zizindikiro za katangale, monga maina a anthu osadziwika pa mndandanda wa olandira chipukutamisozi, nkhaniyo ndi ya ACB, musaithetsere pansi pa mtengo.

Komiti yanu ili ndi mphamvu kuposa mmene mukuganizira. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Lembani kalata ku unduna woona za maphunziro a ukachenjede, kope lipite kwa DC ndi kwa phungu wanu. Musafunse kuti yunivesite idzatha liti, chifukwa adzakuyankhani kuti posachedwapa. Funsani kuti chaka chatha bajeti inaika zingati, ndipo Treasury inatulutsa zingati. Funsani ngati ntchitoyi ili mu Part 1 kapena Part 2, ndipo ngati ili mu Part 1, mgwirizano wake unasainidwa kapena akungokambirana. Funsani ngati pali masatifiketi a kontrakitala omwe sanalipidwe. Akakhala chete, a Malawi Human Rights Commission ndiwo amayang'anira lamulo limeneli. Phungu wanunso angafunse mafunso omwewa m'Nyumba ya Malamulo, makamaka pa nthawi younikanso bajeti pakati pa chaka, pomwe ndalama za chitukuko zimadulidwa mwakachetechete.

Ndipo muonjezere funso lomwe anthu safunsa. Yunivesite yanuyo inalengezedwa kuti idzatsamira pa maphunziro a ziweto, zomwe n'zomveka kwa dera la ng'ombe ngati Mzimba. Ndiye funsani kuti ndi Amalawi angati omwe pakali pano akuphunzitsidwa kuti adzaphunzitse kumeneko. Munthu wa digiri yoyamba kuti afike pa PhD pamapita zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa, pomwe nyumba ya makalasi, ndalama zikakhalapo, imatha zaka ziwiri. Palibe choletsa kuti kafukufuku wa nkhupakupa, msipu wa m'chilimwe kapena mkaka ayambe lero m'makola a alimi anu, motsogozedwa ndi aphunzitsi a ku Bunda ndi a ku Mzuni, pogwiritsa ntchito zipinda zobwereka. Ndi ntchito ya mamiliyoni ochepa, yomwe khonsolo ndi phungu angathe kuikankha osadikira Capital Hill, ndipo ndi imene ingapatse abwenzi akunja munthu woti alankhule naye akafika. Pamsonkhano wotsatira wa komiti, ikani nkhani imeneyi pa ajenda, muitane woyang'anira ziweto wa m'dera lanu, ndipo kalata yoyamba ipite kwa mkulu wa dipatimenti ya ziweto ku LUANAR.